Giza, pampu ndi foni: zosintha ndi zosiya m'nyumba za ku Kafue

Nkhaniyi ndi ya inu nonse omvera athu, kaya muli ku Estates, ku Shikoswe, ku Zambia Compound, kaya muli m'basi pa msewu wochokera ku Lusaka mukuthamangira kunyumba. Lero tikamba za mawaya, mabatire ndi tizida tija tadzaza m'mashopu, timene amalonda akuti tikaika m'nyumba, nyumbayo isanduka smart home, yoti giza, pampu, geti ndi mababu muziziyendetsa pa foni muli kutali.

Wina anena kuti iyi ndi nkhani ya anthu olemera a ku Kabulonga, ife sitikukhudzidwa. Dikirani kaye. Yang'anani pakhomo panu kapena pa aneba. Babu lakunja lija limayaka lokha kukada, nʼkuzima lokha kukacha. M'thanki ya madzi muli kachida koyandama kamene kamazimitsa pampu madzi akadzaza. Pafupi ndi mabureka pali taima ya giza. Ena muli ndi geti lotsegula ndi rimoti, ena alamu, ena invata yokhala ndi mabatire awiri pansi pa tebulo. Zonsezi ndi nyumba yodzigwirira ntchito yokha, kungoti ndi ya kachitidwe kakale. Choncho funso la ambiri kuno si lakuti tiyambe kapena tisayambe. Funso ndi lakuti, pa zimene tinaika zaka khumi zapitazo, tichotse ziti, tisiye ziti, ndipo ndalama yoyamba ipite pati.

Yankho la funso limeneli lili m'chaka cha 2024. Tauni yathu ino ili pa mtsinje umene umapereka magetsi ambiri m'dziko muno. Kumunsi kwathu kuli Kafue Gorge Upper, ya mamegawati 990, ndi Kafue Gorge Lower, ya mamegawati 750, imene makina ake onse asanu anali atayamba kugwira ntchito pofika mu March 2023. Kumtunda kuli damu la Itezhi-Tezhi losungira madzi. Ngakhale madzi amene anthu a ku Lusaka amamwa, gawo lalikulu limapopedwa kuchokera ku Iolanda kuno. Koma mvula itakana, Pulezidenti Hakainde Hichilema nʼkulengeza pa 29 February 2024 kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, kuyandikana ndi mtsinje sikunatipulumutse. Mu March malaiti anayamba kupita maola 8 pa tsiku. Kenaka 12. Pofika September, madzi a ku Kariba atatsika kwambiri, m'madera ambiri magetsi ankabwera maola atatu okha, nthawi zina pakati pa usiku anthu ali m'tulo.

Chaka chimenecho chinayesa chida chilichonse cha m'nyumba, ndipo ine ndikuti muyezo wake ukhale womwewo mpaka lero, ngakhale malaiti atakhala bwino. Chida chabwino ku Kafue ndi chimene chimadziwa chochita magetsi akapita, chimadziwa chochita akabwera, ndipo sichidikira intaneti kapena mwininyumba kuti achiuze. Zoyatsa babu ndi mawu, zosintha mtundu wa kuwala pabalaza, nʼzokoma ndithu, koma zibwere pambuyo.

Tiyambe ndi taima ya giza, chifukwa ndi pamene chakale chimagonja moonekeratu. Mukuidziwa, yozungulira ngati wotchi, yokhala ndi timano timene mumatsindikiza kuti giza iyake 4 koloko mʼmawa, izime 6 koloko. Mkati mwake muli kamota kakang'ono koyenda ndi magetsi omwewo a ZESCO. Malaiti akapita, kamotako kamaima. Akabwera, kamapitiriza pamene kanalekezera. Magetsi akasowa maola 8, wotchi yanu yatsalira maola 8. Mawa lake itsaliranso. Pakutha sabata, giza ikuyaka nthawi imene aliyense ali kuntchito, kapena timano tikufika pamalo oyatsira nthawi imene magetsi kulibe, ndipo ana akusamba madzi ozizira mu June pamene mayunitsi akutha. Anthu ambiri anaimba mlandu giza, ena anasintha element yabwinobwino, pamene wolakwa anali wotchi.

Tiwerengere limodzi. Giza ya malita 150, kuti madzi achoke pa madigiri 20 kufika pa 60, imadya pafupifupi mayunitsi 7. Ngati element yake ndi ya makilowati 3, imafuna maola awiri ndi mphindi makumi awiri. Ndiye ngati magetsi akubwera maola atatu okha, palibe nzeru youza giza kuti idikire 4 koloko. Lamulo loyenera ndi lakuti, magetsi akabwera, dikira mphindi zochepa, yaka, madzi akatentha zima. Pamene magetsi ali bwino, lamulo lisinthe: yaka maola awiri tisanadzuke, basi. Apa ndi pamene kachida katsopano kamapambana. Tizida ngati ta Sonoff kapena Shelly timalola kuti musankhe chimene chichitike magetsi akabwera, timawerenga mayunitsi amene giza yadya, ndipo mungasinthe dongosolo lonse osakwera pa mpando kukatsindikiza timano. Koma ngati ndalama yachepa, taima ya manambala yokhala ndi kabatire kake mkati imathetsa vuto la wotchi yotsalira pa mtengo wotsika, ndipo sifuna bandulo.

Chenjezo limodzi pa giza, ndipo amisiri amene mukumvera mundivomereza. Makilowati 3 pa mavoti 230 ndi ma amp 13, akuyenda maola awiri osapuma. Tizida tambiri totchipa talembedwa 10 amp, tina 16. Ngakhale ka 16, kakakhala m'kabokosi kotsekeka mu October, kamatentha, mkati nʼkupserera, ndipo nthawi zina kamamatirira osazimanso. Mmisiri wodziwa ntchito amaika contactor, chida cholimba chonyamula mphamvu yonse, ndipo kachida ka foni kaja ntchito yake imangokhala kulamula contactor kuti itseke kapena itsegule. Chimodzimodzi pa pampu ya borehole, imene polira koyamba imakoka mphamvu yoposa kangapo imene yalembedwa pa chikwangwani chake. Wina akakuuzani kuti contactor nʼkuwononga ndalama, mufunseni ngati adzabwere kudzathandiza kuzimitsa moto.

Za pampu, ndinene mosabisa kuti kachida koyandama m'thanki musakachotse. Nʼkakale, nʼkotchipa, sikadziwa kuti kuli intaneti, ndipo kamagwira. Ngati mukufuna kuona pa foni kuti madzi afika pati, onjezerani sensa pambali, koma chozimitsa pampu chikhalebe choyandamacho. Chofunika kuonjezera ndi chida choteteza pampu kuti isalire pouma madzi a pansi akatsika mu October ndi November. Babu lakunja loyaka lokha kukada nalonso lisiyeni. Dzuwa silitsalira maola 8.

Tsopano mabatire, pamene anthu analira kwambiri. Invata zambiri zimene tinaika cha m'ma 2015 ndi 2019, zaka zina zimene malaiti anavuta, zinali ndi mabatire a lead, aja olemera, ena othira madzi, ena a gel. Batire ya mavoti 12 ndi 100Ah imasunga yunitsi imodzi ndi kachigawo, koma kuti ikhalitse muyenera kudyapo theka lokha. Komanso imafuna maola ambiri kuti idzaze bwinobwino, asanu ndi atatu kapena kupitirira. Mu 2024 inkakamulidwa mpaka pansi tsiku lililonse, nʼkupatsidwa maola atatu okha odzazira. Batire ya lead ikamakhala yosadzaza masiku otsatizana, mkati mwake mumauma zinthu zimene sizisungunukanso, ndipo m'miyezi yochepa imafa. Ambiri anagula ina, nayonso inafa imfa yomweyo. Mabatire a geti ndi a alamu, aja ang'onoang'ono a 7Ah, anatha chimodzimodzi, nʼchifukwa chake munkaona abambo atavala tayi akukankha geti ndi manja.

Batire ya lithium, ya mtundu wa LiFePO4 umene wafala tsopano, imadzaza mʼmaola awiri kapena atatu ngati chaja ili ndi mphamvu, mungadyepo magawo asanu ndi atatu pa khumi osaiwononga, ndipo imapirira kudzazidwa ndi kukhuthulidwa maulendo masauzande. Imodzi ya mavoti 48 ndi 100Ah imasunga pafupifupi mayunitsi 5. Ngati pali chinthu chimodzi choyenera kusungira ndalama pa nkhani yonseyi, ndi chimenechi, pamodzi ndi mapanelo a sola oti aziidzaza masana. Koma musangogula batire nʼkukailumikiza ku invata yakale. Chaja yopangidwira lead ili ndi kadzazidwe kake, ndipo invata zambiri zakale sizitha kulankhulana ndi kakompyuta koteteza kamene kali mkati mwa batire ya lithium. Zina zimalola kusintha manambala a kadzazidwe, zina sizilola. Funsani zimenezi musanalipire.

Invata zatsopano zimabwera ndi pulogalamu ya pa foni yoonetsa mphamvu yochokera ku dzuwa, yochokera ku ZESCO, ndi yotsala m'batire. Kwa ine, pa zonse za smart home, ichi ndicho chopindulitsa kwambiri, chifukwa chimathetsa mikangano ya m'nyumba. Mukaona ndi maso kuti ketulo ndi ayironi zikutha batire m'kanthawi, pamene TV ndi mababu a LED sizikuoneka nʼkomwe, simudzakalipiranso ana chifukwa chochaja foni.

Tafika pamene ndikufuna mutchere khutu kwambiri. Tizida tambiri totchipa ta Wi-Fi, mukadina pa foni kuti babu liyake, uthengawo supita molunjika ku babu. Umatuluka m'nyumba, kudzera pa MTN, Airtel kapena Zamtel, kupita ku makompyuta a kampani kunja kwa dziko, nʼkubwereranso kudzayatsa babu limene lili pamwamba pa mutu wanu. Bandulo ikatha, nsanja ya netiweki ikazima chifukwa nayonso yasowa magetsi, monga tinkaonera mu 2024, ulendo umenewo umaduka. Ndipo kampaniyo ikatseka, chida chimasanduka chosema. Izi zinachitikadi kumayiko olemera. Mu 2016 kampani ya Nest, ya gulu la Google, inazimitsa chida chotchedwa Revolv, chimene anthu anagula madola 300, ndipo chinasiyiratu kugwira ntchito. Mu April 2022 kampani ya Insteon ku America inazimitsa makompyuta ake popanda kuchenjeza aliyense, anthu nʼkudzuka mapulogalamu awo atafa, mpaka gulu lina la ogwiritsa ntchito linagula kampaniyo nʼkuitsitsimutsa patapita miyezi iwiri. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ngati anthu a ku America anasiyidwa padzuwa, wa ku Shikoswe adzadandaula kwa yani?

Chodabwitsa nʼchakuti njira yakale kwambiri inalibe vuto limeneli. Mu 1975 kampani ya Pico Electronics ku Glenrothes, m'dziko la Scotland, inapanga njira yotchedwa X10, yotumiza malamulo kudzera m'mawaya a magetsi a m'nyumba momwemo. Inali yochedwa, inkasokonezeka ndi phokoso la zida zina, koma zonse zinkathera m'nyumba. Makampani akuluakulu azungulira zaka zambiri nʼkubwereranso pa mfundo yomweyo. Kumapeto kwa 2022, Apple, Google, Amazon, Samsung ndi ena anatulutsa muyezo umodzi wotchedwa Matter, woti zida za makampani osiyana zizimvana, ndiponso kuti malamulo aziyenda m'nyumba momwemo osadalira makompyuta akutali. Palinso Zigbee, imene yakhalapo kalekale, tizida take timadya mphamvu yochepa ndipo timapatsirana uthenga tokhatokha. Achinyamata okonda makompyuta amadziwa Home Assistant, pulogalamu yaulere imene inayamba mu 2013, yoikidwa pa kakompyuta kakang'ono m'nyumba nʼkumalamula zonse popanda intaneti. Si aliyense angaikwanitse, imafuna munthu woleza mtima, koma kwa mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza maphunziro a zamagetsi ndipo akusowa ntchito, apa pali msika umene anthu ochepa aulowa.

Choncho mukamagula, yang'anani pa katoni ngati palembedwa Matter kapena Zigbee, kapena funsani ngati chidacho chimagwira pa Wi-Fi ya m'nyumba intaneti itazima. Ndipo rauta ipatseni kabatire kakekake. Imadya mawati khumi okha, koma ikazima, zonse zimasokonekera.

Mawu ochepa kwa a ku Estates. Nyumba zanu zambiri zinamangidwa pamene boma linkakweza tauni ino kukhala ya mafakitale, nthawi ya Kafue Textiles ndi Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba kupanga feteleza mu 1970. Ndi nyumba zolimba, koma mawaya a zina mwa izo akwanitsa zaka makumi asanu, ndipo anakokedwa poganizira mababu ochepa, wailesi ndi sitovu. Kuseri kwa swichi ya pakhoma, m'kakokedwe kakale, mumapeza mawaya amoto okha, waya wa neutral mulibe, pamene maswichi ambiri atsopano amafuna neutral kuti kakompyuta kawo kazikhala kamoyo. Alipo ena osafuna neutral, koma ndi mababu a LED amakonda kuphethira kapena kusiya kuwala pang'ono usiku. Njira yabwino kawirikawiri ndi kuika kachidako kudenga pafupi ndi babu, pamene neutral ilipo, swichi yakale nʼkukhalabe pakhoma ikugwira ntchito. Musanafike konseko, mmisiri ayeze waya wa earth, aone ngati pa bolodi pali chida chozimitsa magetsi munthu akagwidwa shoko, ndipo aikepo choteteza ku mphamvu yokwera, chifukwa magetsi akamabwerera pambuyo pa maola ambiri, ndiponso mphezi za December zikamang'anima, zoyamba kupsa ndi tizida tanzeruti. Firiji nayonso ikhale ndi fridge guard yodikira mphindi zingapo isanayatse. Ndalama imeneyi sioneka, alendo sadzaiyamikira, koma ndiyo yoyamba. Ndipo mmisiriyo akhale wa mapepala. Kumufunsa satifiketi kapena kalembera wake wa ku Engineering Institution of Zambia si mwano.

Pali chitsanzo chimodzi cha kusintha zakale chimene tonse tinadutsamo osazindikira kukula kwake. Mamita athu a mayunitsi ankazindikira tokeni iliyonse ndi nambala yowerenga mphindi kuyambira mu 1993. Malo osungira nambala imeneyo anali oti adzaza pa 24 November 2024, m'mayiko onse ogwiritsa ntchito njira imeneyi, ndipo mita yosakonzedwa ikanayamba kukana matokeni atsopano. Kodi anazula mamita onse? Ayi. Tinapatsidwa matokeni apadera a manambala 20, tinawalowetsa ndi chala, mita yomweyo nʼkupitiriza ntchito. Geti lanu likhoza kuchitidwa chimodzimodzi. Ngati mota ya Centurion ikadali yamphamvu, sinthani batire, onjezerani kachida kolandira uthenga wa foni, rimoti yakale isungidwe. Alamu yakale ya mawaya, masensa ake a pazitseko ndi pamawindo amakhala zaka zambiri osavuta. Chosintha ndi kabokosi kotumiza uthenga basi.

Chatsala ndi anthu, ndipo apa amalonda sanenapo kanthu. M'nyumba zambiri kuno, bambo kapena mayi amadzukira ku Lusaka mʼmawa, makilomita oposa 40, nʼkubwera kutada. Otsala pakhomo ndi agogo, ana, ndi mtsikana wothandiza ntchito. Ngati giza ndi pampu zimamvera foni imodzi yokha, ndipo foniyo ili mumsonkhano ku Cairo Road, ndiye kuti mwamanga nyumba imene okhalamo ayenera kupempha chilolezo kuti asambe. Chida chilichonse chikhale ndi swichi yogwira ndi dzanja, yolembedwa bwino, imene agogo angaifikire osafuna magalasi. Makamera nawonso, kunja ndi pageti ali ndi ntchito, koma kuika kamera m'chipinda chimene wantchito amagona kapena kusinthira zovala nʼkuchotsa munthu ulemu, ndipo kumbukirani kuti dziko lino lili ndi lamulo loteteza nkhani za munthu payekha, Data Protection Act ya 2021. Eni nyumba za lendi, kuzimitsira alendi pampu pa foni chifukwa achedwa kulipira si ukatswiri, ndi nkhanza yakale yomwe ija.

Palinso za akaunti. Amisiri ambiri, pofuna kufulumira, amalembetsa invata ndi makamera pa imelo yawo. Tsiku limene mudzayambane, kapena akadzasamukira ku Solwezi, mudzapeza kuti geti lanu lili m'thumba mwa munthu wina. Akaunti ikhale m'dzina lanu, pa nambala yanu, ndipo pasiwedi muisinthe iye asanatuluke pageti.

Kwa amene mukuganiza zogula invata yaikulu, dziwani kuti mu 2024 boma linatulutsa malamulo a net metering, olola munthu wa sola kutumiza magetsi otsala ku ZESCO nʼkumachotseredwa pa bilu. Si invata iliyonse ingachite zimenezi, ndipo simungangolumikiza nokha. Pamafunika kulembetsa ndi mita yowerenga mbali zonse ziwiri. Koma ngati mukugula chida choti chikhale zaka khumi, funsani ngati chili ndi kuthekera kumeneko.

Tsiku lolandira ntchito, musamalize kulipira mmisiri asanachite mayeso awa inu mukuona. Azimitse rauta, kenaka ayatse giza, pampu ndi mababu ndi dzanja. Ayatsenso rauta koma achotse intaneti, muone ngati foni ikulamulabe zida muli m'nyumba. Pomaliza agwetse bureka yaikulu, mudikire mphindi khumi, aikweze, ndipo aliyense asagwire kanthu. Onani ngati firiji yadikira kaye, ngati pampu yayamba yokha, ngati wotchi ya giza ikunena nthawi yoona, ngati mababu a kuchipinda sanayake okha, chifukwa tizida tina timayatsa zonse magetsi akabwera, ngakhale ili 2 koloko usiku. Chimene chalephera, akonze tsiku lomwelo kapena abwerere nacho kushopu.

Nthawi yatithera. Sabata yamawa tidzakamba za mapanelo a sola: kuwerenga chikwangwani cha kumbuyo kwake, ndi kuzindikira panelo imene mawati ake analembedwa mokokomeza.